Kulumikiza Sensa Yotenthetsedwa mu Injini ya Galimoto Yakale

Nkhani yathu ya lero ikukhudza kachipangizo kakang'ono, kofanana ndi pulagi kukula kwake, kamene kamamangidwa pa paipi ya utsi kufupi ndi injini. Amakaniko amakatcha sensa ya okosijeni. Funso limene tifuna kuliyankha ndi ili: galimoto inabwera ndi sensa ya waya mmodzi, koma m'sitolo mwapezeka ya mawaya atatu kapena anayi, nanga mawaya owonjezerawo apite kuti? Ena amangowakulunga ndi tepi nkuwasiya ali lende. Ena amawalumikiza mongoyerekeza, potsata mtundu wa waya. Njira zonse ziwirizi zimadya ndalama, yoyamba pa petulo, yachiwiri pa sensa yatsopano, ndipo nthawi zina pa kompyuta ya injini imene. Popeza pa wailesi simungaone chithunzi, ndi bwino kuti mukhale ndi pensulo ndi pepala pafupi.

Tiyambe ndi ntchito ya sensayo. Kuti petulo apse bwino lomwe m'kati mwa injini, pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Petulo akachuluka kuposa muyeso umenewu, wina amatuluka osapsa, mapulagi amada ndi mwaye, ndipo thanki imauma msanga. Akachepa kwambiri, injini imatsamwa ndi kutentha mopitirira. Kompyuta ya injini ilibe maso oonera m'kati mwa moto, choncho imadalira mboni imene yaima pa njira ya utsi. Mboniyo ndiyo sensa. Nsonga yake inaumbidwa ndi dongo lapadera lotchedwa zirconia, lowotchedwa ngati mbale yadothi, ndipo linakutidwa ndi pulatinamu kunja ndi m'kati momwe. Kunja kwa nsongayo kumadutsa utsi. M'kati mwake mumakhala mpweya wabwino wa panja, umene magawo 21 pa 100 alionse ndi okosijeni. Kusiyana kwa okosijeni wa mbali ziwirizi kumabala magetsi, monga mmene kabatire kakang'ono kamachitira. Petulo akachuluka, sensa imatulutsa pafupifupi volti 0.9, akachepa, imatsika kufika pa volti 0.1, pakati penipeni ndi volti 0.45. Kompyuta ikamva kuti petulo wachuluka imachepetsa, ikamva kuti wachepa imawonjezera, ndipo kukambirana kumeneku sikuleka pamene injini ikuyenda.

Taonani kuchepa kwa magetsi amenewa. Uthenga wonse wa sensa sufika ngakhale volti imodzi, pamene batire la galimoto lili ndi mavolti 12. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti zambiri zimene tinene kutsogoloku zatsamira pa iyo.

Kachipangizo kameneka kanapangidwa ndi kampani ya Bosch ya ku Germany, ndipo kanayamba kuikidwa m'magalimoto m'chaka cha 1976, pamene kampani ya Volvo ya ku Sweden inakamanga m'magalimoto ake a 240 opita ku California, kumene malamulo oletsa utsi woipa anali okhwima koposa. Masensa oyambawo anali ndi chilema chimodzi. Zirconia ikazizira siilankhula. Imayamba kutulutsa magetsi omveka itafika pa madigiri 300 kapena 350, ndipo imayankha mofulumira ikafika cha m'ma 600. Sensa ya waya mmodzi inalibe moto wakewake. Inkangootha utsi wa injini. Motero m'mawa inkatenga mphindi zingapo isanadzuke, ndipo galimoto ikaima nthawi yaitali injini ikulira pang'onopang'ono, monga zimachitikira pa mzere wa magalimoto m'tauni, utsi unkazirala, sensa nkugonanso. Sensa ikagona, kompyuta imasiya kuimvera nkumatsata miyeso imene inalembedwa ku fakitale, ndipo miyeso imeneyo kawirikawiri imapendekera ku petulo wochuluka. Mwini galimoto saona chilichonse chachilendo, koma thumba lake limadziwa.

Nchifukwa chake m'chaka cha 1982 a Bosch anatulutsa sensa yokhala ndi chotenthetsera m'kati, chimene amakaniko amachitcha hita. Hita imeneyi ndi kandodo kakang'ono kamene kamatentha magetsi akamadutsamo, monga mbaula ya magetsi. Sensa yotere imadzuka isanathe mphindi imodzi, ndipo siigonanso kufikira injini itazimitsidwa.

Tsono m'sensa yotenthetsedwa muli zinthu ziwiri zokhala nyumba imodzi koma zosadyera mbale imodzi. Chimodzi ndi hita, imene imadya mavolti 12 ndi magetsi amphamvu. China ndi mboni ija, imene imanong'ona ndi magetsi osakwana volti imodzi. Luso lonse la ntchito imeneyi lagona pa kupatsa chilichonse njira yakeyake, ndi kuonetsetsa kuti njira ziwirizo sizikumana paliponse.

Tisanagwire waya, tifunse kaye ngati galimoto yanu ikufunadi ntchito imeneyi. Galimoto yakale ya dizilo ilibe nayo gawo. Galimoto ya kabuleta wamba, yopanda kompyuta, nayonso singapindule mwa iyo yokha, pakuti palibe womvera uthengawo. Mungathe kuimangira sensa ndi kageji koonetsa msakanizo kuti kakuthandizeni pochuna kabuleta, koma petulo adzasintha pokhapokha inuyo mutagwira sikuludiraiva. Magalimoto ambiri amene ankagulitsidwa atsopano m'maiko athu ano m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ankabwera opanda sensa ngakhale anali ndi ma injekita, chifukwa petulo wa nthawi imeneyo anali ndi mtovu, ndipo mtovu umapha sensa. Kompyuta ya galimoto yotere singayambe kumvera sensa chifukwa choti mwaimangira. Ntchito tikunenayi ndi ya magalimoto a petulo amene anabwera ndi kompyuta ndi sensa yosatenthetsedwa. Ku America, eni mapikiapu a Chevrolet a kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990 amaichita kawirikawiri, makamaka akasintha manifodi nkuika mapaipi aatali amene amakankhira sensa kutali ndi injini, kumene utsi umafika utazirala kale. Kuno kwathu nkhaniyi imabuka mwa njira inanso. Pitani ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre, mudzapeza injini zochokera ku Japan zikulowetsedwa m'magalimoto akale amene injini zawo zinatha. Injini yotere imabwera ndi kompyuta yake ndi sensa yake ya mawaya anayi, koma waya wopatsa hita magetsi anadulidwa pamene ankaichotsa m'galimoto yake yoyamba. Injini imalira bwinobwino, makaniko nkulandira malipiro ake, koma hita sinapatsidwe moto.

Chachiwiri, onetsetsani kuti sensa mwagulayo ndi ya mtundu woyenera. Si sensa iliyonse ya mawaya anayi imene ili ya zirconia wamba. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, a Toyota anayamba kuika m'magalimoto ena sensa ya mtundu wina, yoyeza msakanizo mwatsatanetsatane, imene kunja kwake imafanana kwambiri ndi yakale ndipo nayonso ili ndi mawaya anayi. Kompyuta yakale singamve chinenero chake. Palinso ina ya titania, imene siitulutsa magetsi konse koma imangosintha kakanidwe kake ka magetsi, ndi zina za mawaya asanu zimene zimafuna kabokosi kawokawo kozilamulira. Wogulitsa akanena kuti zonse ndi chimodzimodzi bola ilowe pa dzenje, musamukhulupirire. Funsani nambala ya sensayo ndi galimoto imene inapangidwira.

Tifike tsopano pa kuzindikira mawaya, ndipo pano ndi pamene ambiri amagwa. Pa sensa ya Bosch ya mawaya anayi, mawaya awiri oyera ndi a hita, wakuda ndi wa uthenga, ndipo wotuwa ndi wobwezera uthengawo, amene amakaniko amamutcha earth. Ya mawaya atatu ilibe wotuwayo. Earth yake ndi thupi la sensa lenilenilo. Koma pa masensa ambiri a Denso, amene amapezeka m'magalimoto a Toyota, mawaya awiri akuda ndiwo a hita, wabuluu ndi wa uthenga, woyera ndi wa earth. Mwamva bwino: waya wakuda amene ali wa uthenga kwa Bosch ndi wa hita kwa Denso, ndipo woyera amene ali wa hita kwa Bosch ndi wa earth kwa Denso. Makaniko amene anazolowera mtundu umodzi, nkugwira unzakewo ndi chizolowezi chomwecho, amathira mavolti 12 pa nsonga imene inapangidwira volti imodzi. Sensa imeneyo yapita isanagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Chimene sichisintha ndi ichi: mawaya a hita nthawi zambiri amakhala awiri ofanana mtundu. Komabe musadalire maso okha. Tengani mita ya manambala yoyezera magetsi, muitchere pa ma ohm, ndipo mugwiritse nsonga zake pa mawaya awiri ofananawo sensa ili yozizira. Hita yamoyo imaonetsa nambala yaing'ono, kawirikawiri pakati pa ma ohm 2 ndi 20, malinga ndi amene anaipanga. Mita ikapanda kuonetsa kanthu, mwina hitayo inaduka m'kati kapena mwagwira mawaya olakwika. Yezaninso kuchokera pa waya wa hita kufika pa thupi la sensa; pasakhale kulumikizana kulikonse. Mawaya a uthenga musawayeze mwa njira imeneyi, pakuti mita ikakhala pa ma ohm imatumiza magetsi akeake, ndipo nsonga ya zirconia siifuna kupatsidwa magetsi ochokera kunja.

Ntchito isanayambe, masulani waya wa negetivi pa batire, ndipo dikirani kuti paipi ya utsi izizire. Ngati muti mulowe pansi pa galimoto, musadalire jeke yekha. Ikani zochirikiza zolimba.

Tiyambe ndi hita. Mawaya ake awiri alibe wamkulu ndi wamng'ono: aliyense angalandire mavolti 12, mnzakeyo nkupita ku earth. Vuto lagona pa kumene mavolti 12 amenewo achokere. Waya wapafupi ndi wokopa koposa ndi wochokera ku batire mwachindunji, koma ameneyo ndiye woipitsitsa. Hita imakoka ampu imodzi kapena awiri, ndipo ikalumikizidwa pamenepo imayaka usana ndi usiku. Galimoto ikagona masiku awiri, batire limapezeka litauma, ndipo mwini wake amayamba kunamizira alitaneta. Waya wopita ku koilo nayenso musamukhudze. M'magalimoto ena akale waya ameneyu anachepetsedwa mphamvu mwadala, ndipo ngakhale pamene sanachepetsedwe, si nzeru kusenzetsa katundu wina pa njira imene mapulagi amadalira. Mawaya oonda a mavolti 5 ochokera ku kompyuta kupita ku masensa ena, amenewo ndiye musawayandikire nkomwe.

Njira yaukhondo ndi ya relay, kabokosi kakang'ono ka miyendo inayi kamene kamagulitsidwa m'sitolo iliyonse ya zipangizo za galimoto. Mukakatembenuza mudzaona manambala pa miyendo yake: 30, 85, 86 ndi 87. Lembani. Mwendo wa 30 ulandire waya wochokera ku pozitivi ya batire, ndipo pa waya ameneyo pakhale fyuzi ya ma ampu 10, yoikidwa kufupi ndi batire, osati kufupi ndi sensa. Fyuzi imateteza waya yense amene ali kutsogolo kwake. Mukaiika kumapeto, waya wa kumbuyo kwake akadzakhudza chitsulo adzayaka moto fyuzi ili chiyang'anire. Mwendo wa 87 upite ku waya mmodzi wa hita. Mwendo wa 85 upite ku earth. Mwendo wa 86 ndiwo wolamula, ndipo ulandire magetsi amene amabwera pokhapokha kiyi atatembenuzidwa. Waya wachiwiri wa hita mumange pa bawuti yoyera, yopanda penti ndi dzimbiri, pa thupi la galimoto kapena pa injini.

Pa za mwendo wa 86, pali kusankha kuwiri, ndipo ine ndikonda kwachiwiri. Mungathe kutenga magetsi pa waya aliyense wa m'bokosi la mafyuzi amene amayaka kiyi akakhala pa ON. Zimenezi zimagwira ntchito. Koma mukatenga pa waya wopatsa magetsi pampu ya petulo, hita imayaka pokhapokha injini ikuyenda, pakuti m'magalimoto a ma injekita pampu siiyendabe injini itazima. Phindu lake ndi lalikulu kuposa mmene likumvekera. Lita imodzi ya petulo ikapsa imabala pafupifupi lita imodzi ya madzi, ndipo nonse munaonapo madzi akudontha ku paipi ya utsi m'mawa wa mwezi wa June. Madzi amenewo amagona m'paipi usiku wonse. Dalaivala akatembenuza kiyi nkukhala kaye akumvera wailesi kwa mphindi khumi, nsonga ya sensa imakhala itapsa kale; injini ikalira, madontho ozizira amaulukira pa dongo lotenthalo, ndipo limang'aluka monga mmene mphika wadothi wochoka pa moto umachitira ukathiridwa madzi. Hita yoyaka pamodzi ndi injini siikumana kwambiri ndi ngozi imeneyi.

Pali chenjezo limodzi kwa inu amene mukulowetsa injini yatsopanopo m'galimoto yakale. M'magalimoto ambiri a kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990, kompyuta ndiyo imalamula hita: mavolti 12 amafika pa waya mmodzi, koma waya wachiwiri sapita ku chitsulo, amapita ku kompyuta, imene imatsegula ndi kutseka njira yobwerera. Pa injini yotere, ntchito yanu ndi kubwezeretsa mavolti 12 amene anadulidwa aja basi. Waya wachiwiriyo mumusiye apite kumene anapangidwira. Mukamumanga pa chitsulo, kompyuta idzaona ngati hita yafa ndipo idzayatsa nyale yochenjeza pa dashibodi.

Tibwere ku uthenga. Waya wa uthenga wa sensa yatsopano alumikizidwe ku waya yemwe uja amene ankapita ku sensa yakale. M'magalimoto a General Motors waya ameneyu amakhala wapepo. Apa palibe chovuta. Chovuta chili pa earth. Magetsi alionse amafuna njira yopitira ndi yobwerera. Sensa ya waya mmodzi, ndi ya mawaya atatu yomwe, imabweza uthenga wake kudzera m'thupi lake, nkulowa m'paipi ya utsi, nkudutsa m'mabawuti a manifodi, mpaka kufika ku injini. Pa galimoto yatsopano njira imeneyi imakhala yoyera. Pa galimoto ya zaka makumi atatu, mfundo iliyonse ya njirayo yadyedwa ndi dzimbiri. Kumbukirani kuti uthenga wonse sukwana volti imodzi. Dzimbiri likasokoneza volti 0.2 yokha, mboni yasanduka yonama, ndipo kompyuta imathira petulo potsata bodzalo. Kaamba ka ichi, ngati mtengo ukulolani, gulani ya mawaya anayi. Waya wake wa earth mumuyendetse payekha kufikira pa bawuti ya pa injini, makamaka pamene mawaya a earth a kompyuta anamangidwa. Ngati galimoto yanu inali ndi sensa ya mawaya awiri, ndiye kuti waya wa earth alipo kale wochokera ku kompyuta. Lumikizani pa ameneyo, musafunenso bawuti.

Pano pali msampha wina umene umakola ngakhale amisiri odziwa. Munthu amaona kuti hita ikufuna earth, uthenga nawonso ukufuna earth, nkuganiza kuti apotere mawaya awiriwo pamodzi kuti ayende ndi waya mmodzi. Pa pepala zikuoneka zanzeru, ndipo waya amapulumuka. Koma magetsi amphamvu a hita akamabwerera pa waya mmodzimodziyo amakweza earth pang'ono, ndipo kukwera kumeneko kumadziphatika pa uthenga. Zili ngati kufuna kumva munthu wonong'ona mutaima pafupi ndi chigayo. Mawaya a earth akhale awiri, aliyense ndi njira yake, ndipo ngati nkotheka aliyense ndi bawuti yake.

Kalumikizidwe ka mawaya kafuna mawu akeake. Makaniko wabwino anaphunzitsidwa kuti mfundo yolimba ndi yothira mtovu wosungunula, ndipo pa ntchito zambiri zimenezo nzoona. Pa mawaya otuluka m'sensa ayi. Choyamba, mawaya amenewa kawirikawiri si a kopa wamba. Ndi a chitsulo chopirira moto chimene mtovu sugwirapo bwino, kotero kuti mfundo imaoneka yokongola kunja koma m'kati ili gwedegwede. Chachiwiri nchodabwitsa: masensa ambiri amapuma kudzera m'mawaya awo. Mpweya wabwino uja tinanena kuti umakhala m'kati mwa nsonga umalowa podutsa m'timipata ta pakati pa tizingwe ta waya. Mukatseka timipata timeneti ndi mtovu, girizi kapena mafuta, sensa imasowa choyerekezera utsi, ndipo uthenga wake umafooka pang'onopang'ono. Choncho gwiritsani ntchito tizitsulo topanira mawaya, mutifinye ndi pulayala yake yeniyeni, kenaka muvalike kachubu kofota ndi moto. Njira yoposa zonse ndi kupeza pulagi yogwirizana ndi ya sensayo kwa ogulitsa zipangizo zakale, nkulumikiza mawaya anu ku mbali ya galimoto, mawaya a sensa osadulidwa konse. Pa chifukwa chomwechi, musapopere mankhwala otsukira kapena mafuta m'pulagi ya sensa.

Mawaya onse ayende motalikirana ndi paipi ya utsi, shafti ndi chilichonse chozungulira, ndipo amangidwe kuti asalendewere. Waya wa uthenga asagone pamodzi ndi mawaya a mapulagi, amene amanyamula mavolti zikwizikwi ndipo amamwaza phokoso la magetsi kwa anansi awo. Siyaninso kautali pang'ono, popeza injini imagwedezeka pa mipando yake pamene thupi la galimoto lili chiimire. Waya wokokeka amaduka m'kati chikopa chake chili bwinobwino, ndipo vuto lotere limazunza pofufuza.

Kumanga sensayo sikufuna mawu ambiri. Masensa ochuluka ali ndi mizere ya mamilimita 18 ndipo amamasulidwa ndi sipanala ya 22. Mangani sensa poyamba, mawaya pambuyo, kuti asapotoke. Pa mizere pakani mafuta oletsa kugwirana pang'ono chabe, ngati sanapakidwe kale ku fakitale, ndipo asakhudze nsonga. Ngati mukuboola dzenje latsopano ndi kuwotcherera nati, likhale patsogolo pa chosefera utsi, pamalo pamene utsi wa masilinda onse wakumana, ndipo likhale chakumtunda kwa paipi kuti nsonga iloze pansi ndi madigiri osachepera 10. Sensa yomangidwa kunsi kwa paipi imasanduka chikho cholandira madzi aja.

Tsopano bwezerani waya wa batire, tiyese ntchito. Muchite zimenezi panja kapena zitseko za galaja zili zotsegula, pakuti utsi wa galimoto uli ndi mpweya wakupha umene ulibe fungo. Lizani injini ndipo yezani pakati pa mawaya awiri a hita: mupeze mavolti 12 mpaka 14. Zimitsani injini, chotsani kiyi, yezaninso: pasakhale kanthu. Mukapeza magetsi kiyi ali m'thumba, mwendo wa 86 mwaulumikiza polakwika.

Poyeza uthenga, nyale yoyesera ija amaikonda amakaniko muiike pambali, ndi mita yakale ya muvi yomwe. Zonsezi zimamwa magetsi ochuluka kuposa amene sensa ingapereke. Gwiritsani ntchito mita ya manambala, nsonga yofiira pa waya wa uthenga, yakuda pa earth ya sensa, mawaya onse ali olumikizidwa. Injini itatentha, ikwezeni kufika pa maulendo 2,000 kapena 2,500 pa mphindi. Manambala ayenera kuvina, kukwera kupitirira 0.6 ndi kutsika kupitirira 0.3, mobwerezabwereza, pafupifupi kamodzi pa sekondi iliyonse. Kuvina kumeneku si vuto. Ndi umboni woti kompyuta ndi sensa zikumvana. Kenaka isiyeni injini ilire pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu. Apa ndi pamene sensa yakale inkagona. Ngati manambala akusinthabe, ngakhale mochedwerapo, hita ikugwira ntchito yake.

Manambala akaima pa 0.45 osasuntha, musafulumire kukondwa kuti msakanizo uli pakati penipeni. Makompyuta ambiri amaika okha volti 0.45 pa waya ameneyu pamene sensa ili chete, choncho nambala imeneyi ikutanthauza kuti sensa ndi yozizira kapena waya waduka penapake. Akaima pansi, cha pa 0.1, pondani mafuta mwadzidzidzi. Sensa yamoyo imalumphira ku 0.8 kapena 0.9. Ikalumpha nkubwereranso pansi, sensa ilibe mlandu, ndipo mufufuze pamene mpweya ukulowa mwakuba. Kawirikawiri ndi gasiketi ya manifodi kapena mng'alu wa paipi patsogolo pa sensa. Mpweya wolowa pamenepo umanyenga sensa kuti petulo wachepa, kompyuta nkumawonjezera, galimoto nkumanunkha petulo pamene mita ikunena kuti palibe. Manambala akakakamira pamwamba, tsomolani kapaipi kamodzi kakang'ono ka vakyumu kuti mpweya ulowe. Akatsika, sensa ikunena zoona ndipo injini ikulandiradi petulo wochuluka, mwina chifukwa cha injekita yodontha kapena sensa ya kutentha kwa madzi imene ikuuza kompyuta kuti injini ikadali yozizira. Akaonetsa zoposa volti imodzi ndi theka, zimitsani injini msanga: magetsi a hita alowa m'njira ya uthenga.

Mawu otsiriza akhale a sensa yakale imene mwachotsayo. Musaitaye musanaione nsonga, pakuti imanena za matenda a injini amene adzaphanso yatsopanoyo. Petulo wa mtovu, amene anali mdani wamkulu, anasiya kugulitsidwa m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara pofika kuchiyambi kwa chaka cha 2006, ndipo dziko lomaliza pa dziko lonse lapansi, Algeria, linasiya mu 2021. Adani otsala ndi a m'galaja momwemo. Nsonga yakuda ndi mwaye wouma ikunena za petulo wochuluka. Yokhala ndi zokakamira zonga phulusa ikunena kuti injini ikudya oilo, kapena kuti madzi a m'rediyeta akulowa m'masilinda kudzera pa gasiketi ya hedi. Yoyera mbuu ngati yathiridwa ufa kawirikawiri yaphedwa ndi silikoni, phala lija amakaniko amakonda kumata pa gasiketi iliyonse. Nthunzi yake ikafika pa pulatinamu imaumapo ngati galasi, ndipo palibe mankhwala ochotsera. Pomata injini ya sensa, werengani pa chubu ngati phalalo linalembedwa kuti silivulaza sensa ya okosijeni.